Kuyankha amalume za chithunzi cha ku Nicodemus

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva. Mukufunsa kuti tchalitchi chamiyala chili pakati pa udzu chija, chimene ndinaika pagulupu, ndi cha kuti, komanso ngati ku America kulinso midzi. Iliko amalume, ina yochepa kuposa kwathu. Pamene paja ndi pa Nicodemus, m'boma la Graham, kumpoto chakumadzulo kwa Kansas.

Dera lake ndi la udzu wokhawokha, tizitunda apo ndi apo, phiri ayi. Mitengo mumaiona m'mbali mwa mtsinje wa Solomon basi. Mphepo ndiye siipuma, chipewa mumachita kugwirira. Amalima tirigu ndi mapira, ena ng'ombe. Mu January kumagwa chipale, mu July dzuwa lake ngati la ku Nsanje.

Tsono mudziwu anaukhazikitsa ndi anthu akuda, ambiri a iwo anabadwira mu ukapolo. Ukapolo unatha mu 1865, koma ufulu wopanda munda mukuudziwa inu, ambiri ankalimabe minda ya mabwana awo akale n'kumagawana nawo zokolola. Pamenepo n'kuti kuli lamulo la 1862 lakuti munthu ukakhala pamalo zaka zisanu ukulima, boma likupatsa maekala 160. Mzungu wina wogulitsa malo, W.R. Hill, anagwirizana ndi m'busa wakuda, W.H. Smith, n'kuyamba kukopa anthu, makamaka a m'matchalitchi a ku Kentucky, kuti tiyeni ku Kansas kuli nthaka.

Mu September 1877 gulu la anthu pafupifupi 300 linatsika sitima pa Ellis, n'kuyenda makilomita opitirira 50 kukafika pamalopo. Tawuni imene anauzidwa ija kunalibe. Amene anatsogola ankagona m'maenje, kukumba m'mbali mwa chitunda, pamwamba n'kufolera ndi zibuma za udzu, chifukwa milimo ndi phaso ukazitenga kuti kopanda mitengo? Ena atangoona anatembenuka pomwepo. Otsalawo nkhuni analibe, ankasonkhezera ndowe zouma ndi mapesi a mpendadzuwa. Anafikanso nyengo yodzala itadutsa, ndiye njala inawakwapula, mpaka anthu a mtundu wa Osage, eni nthaka amene analiko azungu asanabwere, pochokera kosaka, anawagawirako nyama.

Koma anapirira. M'zaka za m'ma 1880 panali masitolo, mahotela, banki, sukulu, matchalitchi, nyuzipepala ziwiri, anthu mazanamazana. Anayamba kumanga ndi miyala ya laimu yokumba konko, ndiyo mwaiona pachithunzi ija.

Chimene chinaugwetsa mudziwu, mmene ndikuonera ine, si chilala ayi, ndi njanji. Nthawi imeneyo tawuni yopanda siteshoni inalibe pogulitsira tirigu wake. Anthu a pa Nicodemus anachita kulonjeza ndalama kuti kampani ya sitima idutsitse njanji pakwawo, koma sizinatheke. Mu 1888 njanji ya Union Pacific inadutsa tsidya lina la mtsinje, makilomita ngati 10, ndipo kumeneko kunabadwa tawuni ina, Bogue. Amalonda anasamukira komweko, ena mpaka kunyamula ndi nyumba zomwe. Fumbi ndi chilala cha m'ma 1930 zinangodzamaliza zimene zinayamba kale, achinyamata n'kumapita kumizinda.

Lero okhalapo sakwana ndi 30 omwe, ambiri okalamba. Mu 1996 boma linaika malowa m'gulu la malo osungidwa a mbiri ya dziko, ndipo akusamalira nyumba zisanu: matchalitchi awiri, wa Baptist ndi wa AME (mpingo wa Methodist wa anthu akuda), sukulu, hotela yakale ya St. Francis, ndi holo ya mudzi ya 1939. Nokha mukapita tsiku wamba, mumangomva mphepo ndi galimoto imodziimodzi pamsewu wa 24.

Koma kumapeto kwa July, eee amalume, simungapazindikire. Zidzukulu za anthu aja zimabwera kuchokera ku Denver, ku California, konsekonse, kudzakumbukira kutha kwa ukapolo, ndipo mwambowu anauyamba kale mu 1878. Pamakhala perete, kudya, kuvina, Lamlungu onse kutchalitchi, ena kumanda kukaona makolo. Mabanja ena minda ija akadali nayo, sanagulitse.

Nkhani ya feteleza ija ndikuimbirani Loweruka, azakhali akhale pafupi ndi foni. Muwapatse moni onse.