Kamwana ka cockatiel kakutsalira: ndikachotse m'chisa?

Mayi wina wa ku Nkhotakota anditumizira imelo sabata yatha. Akuti ma cockatiel awo, mtundu wa zinkhwe zazing'ono zoweta, aswa ana anayi, koma kamodzi n'kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi anzake. Akufunsa ngati angakachotse m'chisa n'kumakadyetsa phala la mgaiwa ndi supuni, kuti kakule msanga komanso kazolowere anthu.

Mayi, musafulumire. Mbalame za ku Australia zimenezi siziikira mazira tsiku ndi tsiku ngati nkhuku. Thadzi limaikira lero, mawa n'kupuma, mkuja n'kuikiranso. Dzira limaswa pakatha masiku 18 mpaka 21, ndipo anawo amatulukanso motsatizana chomwecho. Choncho woyamba kubadwa akhoza kuposa chitsiriza ndi pafupifupi sabata yathunthu. Kuchepa kokhako si matenda.

Chofunika kuyang'ana ndi chithokomiro. Madzulo, makolo akatuluka kukadya, suzumirani m'bokosi la chisamo. Ngati kathumba ka pakhosi kali kodzaza ndi kofewa, kamwanako kakudyetsedwa, kasiyeni. Tambala ndi thadzi onse amadyetsa ana, ndipo ntchitoyi amaidziwa kutiposa ife. Koma mukapeza chithokomiro chili pululu m'mawa ndi madzulo omwe, kamwanako kali kozizira, kosadzutsa mutu, apo ndiye mulowererepo.

Kudyetsa pamanja n'kumene kumapha tiana tambiri. Ine ndinatayapo kamodzi kuno ku Salima chifukwa chopupuluma: chakudya ndinachiyesa ndi chala, ndinati chili bwino, chikhalirecho chinali chotentha, chinakawotcha m'chithokomiro. Chimafunika chikhale pakati pa madigiri 39 ndi 41, ndiye kathemomita musakaone ngati kuwononga ndalama. Chikazizira chimangokhala m'chithokomiro osatsika, mpaka kusasa. Mukakankha mwamphamvu sirinji yodyetsera, chakudya chimalowera kopumira, kamwana n'kutsamwa pomwepo. Ndipo sabata yoyamba kamafuna kudya pafupifupi maola awiri alionse. Mukwanitsa, ndi ntchito zapakhomo zonsezi?

Phala la mgaiwa lokha silingamange thupi ndi nthenga. Mkaka wa ng'ombe ayi ndithu, mbalame siigaya. Pali ufa wopangidwira ana a zinkhwe, ndiwo woyenera. Muupezeretu musanachotse kamwana m'chisa. Kopanda nthenga kamafunanso kutentha kwa madigiri pafupifupi 35. Mu Okotobala kuno kunyanja dzuwa limatithandiza, koma mu Juni mwera ukamaomba, kaikeni m'katoni pambali pa botolo la madzi ofunda lokutidwa ndi nsalu.

Za kuzolowera anthu, pali njira yosavuta. Anawo akakwanitsa masabata awiri kapena atatu, sambani m'manja, muziwatenga kwa mphindi 10 kapena 15 patsiku, kuwayankhula, n'kuwabwezera kwa makolo. Anga ndimachita chomwecho, ndipo amatera paphewa popanda vuto.

Mphamvu zanu ziikeni podyetsa makolowo. Mawere ndi mapira zisasowe, muwonjezere dzira lowiritsa lophwanyaphwanya ndi bonongwe kapena chisoso chotsuka bwino. Dziralo muzichotsa pakatha maola ochepa, kutentha kwathu kuno silichedwa kuwonongeka. Mpendadzuwa pang'ono chabe, uli ndi mafuta ambiri. Peyala musayerekeze, ndi poizoni kwa mbalamezi. Khola likhale kutali ndi utsi wa mbaula ndi makoyilo a udzudzu. Kunjaku adani ndi makoswe ndi linthumbu. Miyendo ya khola muiike m'zitini za madzi kuti linthumbu lisakwere.

Anawo amatuluka m'chisa ali ndi masabata 4 kapena 5, koma amasiya kudyetsedwa pa masabata 8 mpaka 10. Anansi ayamba kale kupempha, ndikudziwa. Auzeni adikire kufikira mutaona ndi maso anu kuti kalikonse kakusenda kokha mawere. Mundilemberenso pakatha masiku atatu, mundiuze mmene chithokomiro cha kachitsirizako chikuonekera.