Kwa achemwali amene mayi awo anawasiya ali aang'ono

Assalamu alaikum achemwali. Mwafunsa ngati muli ndi udindo wosamalira mayi anu amene afa ziwalo ndi sitiroko, chonsecho anakusiyani kwa agogo muli ndi zaka zitatu osabweranso. Ndawerenga kawiri, mtima ukundiwawa. Wina asakuuzeni kuti bala limenelo ndi laling'ono.

Funso longa lanuli linamvekapo ku Madina. Mayi ake a Asma, mwana wa Abu Bakr, banja lawo ndi Abu Bakr linali litatha kalekale, ndipo Chisilamu sanalowe. Tsiku lina anangotulukira kwa mwana wawo akufuna thandizo. Asma anakafunsa Mtumiki Muhammad (swalla Allahu alaihi wa sallam) ngati n'koyenera kuwachitira zabwino, ndipo anamuyankha kuti inde, alumikize ubale ndi mayi ake. Sanayambe wafufuza kuti mayiwo anamulera motani.

Mu Qur'an, Surah Al-Isra, ndime 23 ndi 24, Allah akutiletsa ngakhale kutsonya makolo akakalamba, kenaka akutiphunzitsa duwa yowapemphera chifundo monga mmene anatilerera tili ana. Ndikudziwa kuti mawu a kulerawo akukubayani. Pamenepo kumbukirani agogo. Anakuberekani kumsana, anakuphikirani phala, anakuperekezani ku madrasa, osalembera munthu ngongole. Ndiye mayi agona pamphasawo ndi mwana wa agogo omwewo. Agogowo akanakhala moyo, bwenzi akuwasambitsa okha. Mukawatawasa nkhope, mukugwira ntchito imene manja a agogo anaisiya.

Ine ndinadwazika apongozi anga zaka zinayi, munthu amene sanandimwetulirepo chilowereni pabanja. Masiku ena ndinkachapa zofunda zawo misozi ili mbwembwembwe, n'kumangokonzanso niya (cholinga cha mumtima) kuti ndikuchitira Allah, osati kuti andithokoze. Sanandithokozedi. Koma mwana wanga wamkazi ankaona zonsezo, ndipo atafika zaka 9 anayamba kutenga beseni yekha m'mawa, osatumidwa.

Musadikire kuti mtima ukhululuke kaye. Kwa ine manja anatsogola, mtima unabwera pambuyo, mochedwa ndithu.

Komanso musasenze nokha. Itanani abale mugawane masiku ndi ndalama za mankhwala, auzeninso amayi a kumsikiti kwanu. Muziwatembenuza pakatha maola awiri alionse kuti asachite zilonda zakumsana, ndipo powadyetsa muziwakhazika tsonga kuti asatsamwe. Ndikukumbukirani pa duwa ikatha swala ya Fajr mawa.