Mwana akamagwa, tiitane abusa, shehe kapena sing'anga?

Mayi a ku Ntcheu, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mwati mwana wanu wamkazi wa zaka 14 akumagwa kusukulu, thovu kukamwa, akadzuka osakumbukira kanthu. Kutchalitchi kwanu akuti ndi ziwanda, kuchimuna ndi Asilamu ndipo akuti ndi majini, agogo ake akuti makolo akwiya. Mukufunsa kuti akunena zoona ndani.

Ndachedwa kuyankha chifukwa mwanditosa pachilonda. Mng'ono wanga anayamba chimodzimodzi. Tinali kwathu kufupi ndi Bembeke, mwezi wa Juni, kuzizira kwa ku Dedza mukukudziwa, tonse titaunjikana pamoto tikuwotcha kachewere. Mwanayo anangouma thupi, maso gaa, n'kugwera pamafuwa, dzanja lamanja m'makala. Palibe anamugwira msanga, poti tinakula tikumva kuti ukakhudza malovu a munthu wakugwa nawe utengera. Fungo la khungu lake likupsa silinandichokebe m'mphuno.

Agogo anafulula mowa n'kukathira nsembe patsinde pa mtengo. Anagwanso. Kenaka amayi anamva za mneneri wina wotulutsa ziwanda. Kumeneko anamusalitsa kudya masiku atatu, anamumanga manja ndi chingwe, dzanja lakupsa lomwelo, anthu asanu atamuzungulira akukuwa kuti, "Tuluka! Wakutuma ndani?" Mwana wanjala, wotopa, anatchula dzina la azakhali athu kuti angomusiya. Azakhaliwo anamwalira anthu akuwanenabe kuti ndi mfiti, ndipo mabanja awiri aja mpaka lero sapatsana moto.

Ine ndine Mkhristu, ndipo sindikunena kuti mizimu yoipa kulibe. Marko chaputala 5 akusimba za munthu wokhala kumanda amene mizimu yake inalowa m'nkhumba pafupifupi 2,000. Koma werengani bwino: amene ankamumanga ndi maunyolo ndi anthu, osati Yesu. Pa chaputala 9 pali mnyamata wogwera pamoto ndi m'madzi, wochita thovu ngati mng'ono wanga, ndipo Yesu anayamba wafunsa bambo ake kuti zinayamba liti, kenaka anamugwira dzanja n'kumudzutsa. Chingwe chija mneneri anachitenga kuti?

Zipembedzo zokhazikika sizithamangira nkhaniyi. Kwa Akatolika wansembe sangachite mwambo waukulu wotulutsa ziwanda popanda chilolezo cha episkopi, ndipo buku la mwambowu lomwe linakonzedwanso mu 1999 limamuuza kuti ayambe waonetsetsa kuti si matenda. Asilamu amakhulupirira kuti majini aliko, sura 72 ya Qur'an imatchedwa ndi dzina lawo, koma ruqya yawo ndi kuwerenga mawu opatulika monga Al-Falaq ndi An-Nas, sura ziwiri zomaliza, ndi kupempha chitetezo kwa Mulungu. Abale athu Atumbuka ndiye amachita zina: mu vimbuza mzimu sathamangitsa ndi ukali, amauimbira ng'oma kuti wodwalayo avine, anthu a m'mudzi atamuzungulira. Bungwe la UNESCO linazindikira vimbuza ngati chuma cha chikhalidwe mu 2005, pamodzi ndi Gule Wamkulu wathu.

Izi zimandikumbutsa ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso, mu 1976. Ndinaima nthawi yaitali pakati pa zigoba za gule zija, n'kumaganiza kuti makolo athu mizimu ankakambirana nayo ngati achibale. Lero aliyense wokhala ndi sipika ndi botolo la mafuta akuona chiwanda mwa mwana aliyense wodwala. Ndinene mosabisa: munthu womanga mwana, womumenya, womumana chakudya kapena womuletsa mankhwala ndi wankhanza, kaya wavala kolala, mkanjo kapena mikanda. Ndipo wofunsa mwana wokomoka kuti wamulodza ndani akuwotcha mudzi.

Mng'ono wanga anathandizidwa ndi namwino amene anangomva nkhani yake n'kunena kuti ndi khunyu. Anatifunsa ngati anadwalapo malungo aakulu ali wakhanda, ndipo anadwaladi. Anamupatsa timapiritsi ta phenobarbitone tomwa usiku uliwonse. Lero ali ndi ana atatu, amagulitsa kabichi pa Lizulu, koma zala ziwiri za dzanja lija sizitambasuka.

Tsono muchite chiyani?

Mupite naye kuchipatala sabata ino, pamodzi ndi munthu amene anaona mmene amagwera. Akagwa, mumugoneke cham'mbali, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, ndipo zikapitirira mphindi 5 thamangani naye. Khunyu sipatsirana. Asaphike yekha pamoto, asapite yekha kumtsinje. Abusa abwere adzapemphere, shehe adzawerenge, agogo musawanyoze, koma zonsezo zichitike pakhomo panu, inu mulipo, mankhwala akumwa. Aphunzitsi ake muwauzenso, asamusiyitse sukulu.