Mabanki akupindula mabiliyoni, nanga malipiro athu akuthera kuti?

Bambo wina amene amagwira ntchito ya ulonda ku Blantyre wandilembera imelo kufunsa kuti zikutheka bwanji mabanki kumalengeza phindu la mabiliyoni chaka ndi chaka, iye malipiro ake osafika n'komwe pakati pa mwezi. Akuti, kodi si umbombo umenewu?

Bambo, umbombowo ulipo ndithu, koma tione kumene ndalamazo zimadzera.

Mu Januwale 2021 malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa anali K50,000 pamwezi, dola imodzi ili pafupifupi K770. Ndiye kuti munthu ankalandira madola oposa 60. Kenako kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzachepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pamene boma linkakweza malipiro aja kufika K90,000 mu Febuluwale 2024, dola inali pa K1,700 kubanki, choncho K90,000 yo inali madola pafupifupi 53 okha. Anakuwonjezerani, inde, koma thumba la ufa linali litathawa kale. Wamalonda amasintha mitengo m'mawa wa tsiku lomwelo limene kwacha yagwa, pomwe wantchito amadikira miyezi.

Tsono za mabanki. National Bank yokha inapeza phindu loposa K70 biliyoni mu 2023. Musaganize kuti ndalama zonsezo zimachokera ku ngongole za alimi ndi ochita mabizinezi ang'onoang'ono. Wobwereka wamkulu ndi boma. Ndalama za msonkho zikaperewera, boma limabwereka m'mabanki momwemo pa chiwongoladzanja chokwera, pajatu mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti. Banki ivutikirenji kukongoza mlimi wa soya ku Mchinji, amene mvula ingamukanike, pomwe boma likubweza mosalephera?

Chimene chimandipweteka ine n'chakuti chiwongoladzanjacho chimalipidwa ndi msonkho, ndipo msonkhowo mumapereka ndinu. Malipiro anu mwina sadulidwa msonkho wa pamalipiro (PAYE), koma msonkho wa pa zogula (VAT), umene mu 2024 unali 16.5 peresenti, umakupezani mukamagula mayunitsi a foni kapena nsapato za mwana. Ndalama imene ikanagula mankhwala ku chipatala cha Queens ikukathera kwa eni masheya a mabanki, inu n'kumauzidwa kuti mukagule nokha ku famase.

Imelo yanu sinanene kuti mumalandira zingati. Ngati abwana anu akukupatsani zosafika pa malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa, akuphwanya lamulo la Employment Act, ndipo ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ndi yoyenera kumva dandaulo lanu. Mupite ndi anzanu angapo, musaiwale mapepala a malipiro.