Aphunzitsi, lenzi yaitaliyo isiyeni

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wa ku Furancungo. Ali ndi kamera ya Nikon D3300 ndi kalenzi kobwera nayo ka 18-55mm, ndipo akufunsa ngati kuli bwino kugula ya 70-300mm kuti ajambule mlalang'amba. Ndinaseka ndekha, kenako mtima unandiwawa. Aphunzitsi, dzenje limeneli ine ndinagweramo kale.

Chaka chimenecho kachewere anabereka bwino kuno ku Angónia. Ndinagulitsa matumba angapo, ndalama n'kupatsa munthu wopita ku Johannesburg kuti andigulire lenzi yomweyo. Nzeru zanga zinali zoti nyenyezi zili kutali, ndiye pafunika choziyandikitsa. Usiku wina wa mu Julaye ndinapalasa njinga kulowera kuphiri la Domwe, chisanu chikuluma zala. Zomwe ndinabwera nazo? Mizeremizere ngati popalasa nkhuku. Mayi a kunyumba anayang'ana, nati, "Bambo, kachewere yense uja ndi ameneyu?" Nsima ya tsiku limenelo sinatsike.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndipo lenzi ikatalika imakulitsanso kuyenda kwa nyenyeziko. Ojambula amawerengera chonchi: 500 kugawa ndi utali wa lenzi (nambala ya mm ija), yankho ndiwo masekondi omwe mungatsegule kamera nyenyezi zisanayambe kukoka mchira. Pa kamera ngati yanuyo utaliwo muyambe mwauchulukitsa ndi 1.5. Ndiye pa 300mm muli ndi sekondi imodzi yokha. Pa 18mm muli ndi masekondi 18. Komanso mlalang'amba umayala thambo lonse, lenzi yaitali imangoonapo kachigamba.

Ondikwiyitsa kwambiri ndi a pa YouTube aja, omwe amati popanda Sigma 14mm f/1.8, chilenzi cholemera kuposa kilogalamu, usayese n'komwe. Iwowo amakhala m'mizinda yomwe magetsi anameza nyenyezi, ndiye amagula ndi ndalama chomwe ife tili nacho chaulere. Mu Juni ndi Julaye chimake cha mlalang'amba chimadutsa pafupifupi pamutu pathu, pomwe mnzathu wa ku London amangochionera m'munsimunsi. Mdima ndiye chuma chathu, ndipo tikuchitaya. Pitani ku Moatize muone m'mene migodi ya malasha yayeretsera thambo. Ndiyenso lupsa! Kuyambira Ogasiti utsi wa osaka mbewa umaphimba zonse mpaka mvula itagwa. Apo ngakhale lenzi ya mtengo wa ng'ombe siikuthandizani.

Nanga mugule chiyani?

Pakadali pano musagule lenzi. Gulani miyendo itatu yolimba yoimikapo kamera. Ikani 18mm, f/3.5 (kukula kwa chibowo cholowera kuwala), ISO 3200 (mphamvu ya kamera yomvera kuwala), masekondi 15, mwezi kulibe. Fokasi muchite ndi dzanja, mukukulitsa nyenyezi yowala pasikirini mpaka ikhale kadontho. Ndalama zikadzapezeka, funani lenzi ya Tokina 11-16mm f/2.8, ngakhale yogwirapo kale ntchito. Musanalipire jambulani nayo usiku, muone m'makona mwa chithunzi: nyenyezi zikamera mapiko ngati timbalame, ibwezeni. Mutengenso kansalu, mame a kwathu kuno amanyowetsa galasi msanga.

Lenzi yaitali ija ndikadali nayo. Ndimajambulira mwezi, ndi mvuu ndikatsikira ku Zambezi.