Ndalama zikangolowa pafoni, pemphero limathawira kuti?

Kalata ya mnyamata wina wa ku Kapata yandisowetsa tulo. Amapalasa njinga yonyamula anthu, amaimba kwaya, koma ndalama zikangolowa pafoni amabetcha mpira mpaka zonse psiti. Akufunsa kuti, "Kodi Mulungu anandisiya?"

M'bale wanga, ine sindinabetchepo, koma ludzu limenelo ndimalidziwa. Langa linali kachasu. Kwathu ku Katete tikagulitsa mtedza, ndalama ndinkazibisa m'sokosi ndi kulumbira kuti zonse zikafika kwa mayi a ana. Tsono njira ya kunyumba inkadutsa pakhomo pa mayi wina wotcheza kachasu. Fungo lokha likandipeza, miyendo inkakhota yokha. Ndinkafika kunyumba usiku, nsima itazizira m'mbale, ana atagona osandiona. Lamlungu ndinkaimba mokweza kuposa onse, misozi ili mbwembwembwe, ndipo sindinkanamizira. Ndinkamufunadi Mulungu. Kachasunso ndinkamufuna. Zonse ziwiri zinkakhala m'chifuwa chimodzi.

N'chifukwa chake zimandipweteka ndikamva mlaliki akuuza mnyamata ngati inu kuti, "Ingolimbani mtima." Kodi akuganiza kuti simunayesepo? Ndiye pali ena ogulitsa timabotolo ta mafuta, ati tothamangitsa chiwanda cha kubetcha. Amenewo ndikuwakana poyera. Munthu waluza kale ndalama, iwo n'kumulandanso zotsalazo m'dzina la Yesu!

Paulo mwiniwake, pa Aroma 7:19, akudandaula kuti chabwino chimene akufuna sachichita, koma choipa chimene sakuchifuna ndicho amachita. Ameneyo ndi mtumwi. Pa Agalatiya 5:22-23 kudziletsa akukuika pakati pa zipatso za Mzimu, ndipo kuli kumapeto kwenikweni. Mtengo wa mango subala chifukwa choukalipira. Umabala mizu ikapeza madzi.

Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, analimbana ndi chilakolako cha akazi zaka zambiri, mayi ake Monica akumulirira kwa Mulungu. Anabatizidwa mu 387, ali ndi zaka zopitirira 30. Iye ankaphunzitsa kuti mtima wa munthu supeza mpumulo mpaka utapumula mwa Mulungu. Ine ndimakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Chimene mumasaka mukagwira foni si kwacha ayi. Mukadawina lero, mawa mukadabetchanso.

Za Monica zandikumbutsa agogo anga aakazi, a mpingo wa Reformed umene unayambira ku Magwero mu 1899. Sankadziwa kuwerenga, koma tambala akalira ankagwada pamphasa n'kumatitchula mayina mmodzimmodzi. Langa ankalibwereza. Masiku ano timakonda mapemphero a zokuzira mawu, koma anthu ogwada m'bandakucha akuchepa, ndipo ana athu akukula opanda wowatchula dzina.

Tsono muchite chiyani?

Mulungu sanakusiyeni, munthu wosiyidwa sadandaula ngati mmene mwadandauliramu. Chotsani apu yobetchera lero lomwe. Ndalama za tsiku muzisungitsa kwa mayi anu dzuwa lisanalowe. Uzani mkulu wa mpingo mmodzi wosunga chinsinsi. Loweruka masana, mpira wa ku England ukamayamba, musakhale nokha. Muwerenge Salimo 42 mokweza, ndipo mwezi ukatha mundilemberenso, ngakhale mutagwanso.