Masters siikuyankhira funso limene linakugwetsa pa intavyu

Mnyamata wina amene wamaliza digiri ya zamakompyuta wandilembera ali wokhumudwa. Pa intavyu anamufunsa kuti: kampani ili ndi IP imodzi (nambala ya adiresi pa intaneti), koma mawebusayiti atatu a HTTPS (otumiza uthenga wobisidwa) ali pa maseva osiyana (makompyuta osunga mawebusayiti), angatani kuti aliyense afike pa seva yoyenera popanda kumasula uthenga wobisidwawo? Iye anangoti kukamwa yasa. Tsopano bambo ake akuti akongola ndalama kuti achite masters, ndipo akundifunsa ngati avomere.

Makalata otere sasowa pa tebulo langa. Mphwanga, zaka zinayi unkaloweza manotsi, seva osaikhudza. Masters ingokuwonjezera manotsi ena.

Yankho lake silovuta. Browser ikamayamba kulankhula ndi seva pa port 443, khomo la HTTPS, uthenga woyamba, wotchedwa ClientHello, umatchula poyera dzina la webusayiti, kubisa kusanayambe. Mbali imeneyi ndiyo SNI, ndipo inalowa mu TLS, njira yobisira uthenga ya HTTPS, mu 2003. Taganizira thumba la ufa lotumizidwa pa basi: kondakitala samasula, amangowerenga dzina lolembedwa kunja n'kudziwa potsitsa. Reverse proxy, seva yapakhomo imene imalandira alendo onse n'kuwapititsa ku maseva akumbuyo, imachita chimodzimodzi. Mu pulogalamu ya proxy yotchedwa HAProxy umaika mode tcp, n'kuiuza idikire pang'ono ClientHello, kenako isankhe seva poyang'ana req.ssl_sni. Mu pulogalamu ina yotchedwa nginx ntchitoyi ndi ya ssl_preread, mkati mwa stream.

Amene anakufunsa ankafunanso kumva ngati ukudziwa chimene umataya. Ukadutsitsa uthenga osaumasula, masatifiketi otsimikizira mawebusayiti ndi makiyi omasulira uthenga amakhala ku maseva akumbuyo, proxy siiona kuti munthu akupita ku /login kapena kwina, ndipo seva yakumbuyo imangoona IP ya proxy m'malo mwa ya mlendo, pokhapokha utayatsa PROXY protocol, njira yopititsira IP ya mlendo ku sevayo. Ukasankha kumasulira pa proxy pomwepo, umaona zonse, koma makiyi onse aunjikana pakhomo limodzi. Ukanangonena zimenezi, n'kuwonjezera kuti njira yatsopano yotchedwa ECH imabisa dzina la webusayitilo, bwenzi akukufunsa tsiku loyamba ntchito.

Chita izi sabata ino. Tenga laputopu yakale, ikamo VirtualBox, pulogalamu yopangira makompyuta ongoyerekeza mkati mwa kompyuta imodzi, upange makina atatu a Linux: imodzi proxy, ziwiri maseva. Masatifiketi upange wekha ndi pulogalamu ya openssl, mayina a mawebusayiti uwalembe mu fayilo ya /etc/hosts, ndiye zikatsitsidwa sudzafunanso bandulo. Kenako tsegula Wireshark, pulogalamu yoonetsa uthenga wodutsa pa netiweki, uone dzina la webusayiti ndi maso ako mu ClientHello. Zikana kugwira ntchito, mwina kasanu. Tsiku lililonse lemba chimene chinalakwika ndi mmene unachikonzera, uike pa GitHub, webusayiti imene akatswiri amaikapo ntchito zawo. Pa intavyu yotsatira udzakhala ndi chosonyeza.

Kwa inu bambo, ndikudziwa kuti mukufunira mwana zabwino, koma musalowe m'ngongole chifukwa choti mwana wa aneba ali ndi mapepala awiri. Mukafuna kuthandiza, mugulireni RAM ndi mayunitsi a magetsi. Masters adzachita akadziwa chimene akufuna kuzamamo.

Ndipo iwe, maloto olandira madola kuchokera kunja mwezi wamawa uwasiye kaye. Mwina uyambira kukonza maprinta ndi kukoka mawaya mu ofesi ya wina, malipiro ake osasangalatsa. Komabe funso lija unalikumbukira liwu ndi liwu mpaka kundilembera, pamene anzako ambiri amatuluka mu intavyu n'kumangodandaula kuti ntchito ndi za achibale. Ukamaliza kumanga makina atatuwo, undilemberenso, tikambe za load balancing, kugawa alendo ku maseva angapo.